Mutu wa Gafia pa Thupi la Wina

M'mudzi mwathu munali nyumba imodzi yokha yopanda khola la ng'ombe, ndipo inali ya lele Dochia. Sikuti anali osauka, ayi. Munda wa mbatata anali nawo, mitengo ya mapulamu yochita kuthyoka nthambi, nkhumba yonona chaka ndi chaka, ndi manja owomba nsalu amene akwatibwi a chigwa chonse cha mtsinje wa Iza ankawalimbirana. Koma ng'ombe ayi. Mkaka sankagula, sankapempha, ngakhale kulawa kumene. Ng'ombe zikamatsika kuphiri, tonse titaima pazipata kudikira zathu, iwo ankalowa m'nyumba n'kudzitsekera mpaka belu la ng'ombe yomaliza litasiya kumveka.

Ine ndine Irinca, mkazi wa Gavrila mmisiri wa matabwa. Ndinakhala nawo moyandikana mpanda kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa, ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu, n'chifukwa chake ndinkawaitana kuti lele, monga timaitanira mkazi aliyense wamkulu kuno.

Gwero la zonse linali m'tchalitchi, pakhoma. Katchalitchi kathu kali pachitunda, pakati pa manda, kakang'ono koti pa Pasaka theka la mudzi limapempherera panja. N'kamitengo kokhakokha, kuyambira pansi mpaka kunsonga ya nsanja. Makolo anakamanga koyamba kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, Atatari, ankhondo ochokera kutali, atatentha kakale. Anagwetsa mitengo ya thundu m'nyengo yachisanu, n'kuisema ndi nkhwangwa mbali zonse zinayi, n'kusanjikiza chipika pamwamba pa chipika, m'ngodya zikulumana mano. Zipika zikuluzikulu za pansi timazitcha mapazi a tchalitchi. Gavrila akayamba kufotokoza zimenezi sasiya mpaka chakudya kuzizira, ndipo akamanena kuti m'makomamo mulibe msomali wachitsulo ngakhale umodzi, amatukumuka ngati anamanga ndi iyeyo.

Khomo lake n'lalifupi, aliyense amalowa atawerama, ndi ansembe omwe. Ukangolowa uli m'chipinda cha amayi. Amuna amapitirira kutsogolo, ife timatsala mommo chiimire, aliyense pamalo pamene ankaima mayi ake. Wojambula amene anabwera kalekalelo anatiganizira bwino amayife: amuna anawajambulira angelo ndi atumwi, ife anatipatsa Chiweruzo. Kuti apeze pojambula posalala, amayi a nthawiyo anapereka nsalu zowomba okha, iye n'kuzing'amba timizere n'kumata m'mipata ya zipika. Khoma la kumanja anaikapo olungama ali pamzere kulowa m'Paradaiso. Khoma la kumanzere, moto. Pamotopo pali wachigayo wobera anthu ufa, mphero ili pachifuwa. Pali wogulitsa mowa wosungunula ndi madzi. Ndipo pali mkazi wonyamula ndowa, chiwanda chitamukwera pamsana, m'munsi mwake mutalembedwa m'zilembo zakale zija zimene amawerenga ansembe okha kuti: wakuba mkaka wa ng'ombe za eni. Ochimwa enawo analibe maina. Yekhayu pamwamba pa mutu wake panali dzina, Gafia mkazi wa Ilies.

Choipitsitsa n'choti ankamwetulira. Anthu ankati taonani mfiti yopanda manyazi, kumwetulira ndi m'moto momwe.

Gafiayo anali agogo a agogo awo a lele Dochia, kuchikazi. Kwathu kuno akale ankati luso loumitsa ng'ombe za anzako limayenda ndi bere, mayi kupatsira mwana wamkazi. Ndiye ng'ombe ikachepetsa mkaka m'mudzi muno, palibe ankayamba wafunsa ngati yadya udzu woipa kapena yakalamba. Maso ankangotembenukira kunyumba imodzi. Nyumbayo anaipatsa ndi dzina, ankati kwa Akumoto.

Lele Dochia anandiuza okha mmene anazidziwira. Ali kamtsikana, mayi awo anawagwira phewa m'tchalitchi n'kuwaimika kutsogolo kwa chithunzicho, msana kukhoma. Anawauza kuti apa ndi pathu, ukakula mutu wako udzafika pamene pafika wanga, ndipo usadzasunthe. Iwo ankayesa ndi ulemu. Anazindikira atamva anzawo akuwaimba nyimbo ya ndowa pobwera kusukulu.

Atakula anali wokongola, zithunzi ndinaziona. Panali mnyamata wa kumtunda amene anavina nawo chilimwe chonse, koma mayi ake anangonena mawu amodzi okha, akuti ng'ombe zathu ndi zambiri. Nkhani inathera pomwepo. Anadzakwatiwa mochedwa ndi Vasalie, wodula mitengo wochokera kuseri kwa mapiri, munthu wosalabadira za pakhoma. Iyeyu anayesa kugula ng'ombe, mkazi wake n'kukana kwamtuwagalu. Mtengo utamugwera Vasalie m'nkhalango, anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo mwanayo atanena kuti akupita ku Italy kukagwira ntchito, mayi ake anamulongedzera okha katundu. Ena tinkalira ana athu akamapita. Iwo anati kumeneko palibe amene akudziwa dzina la nyumba yathu.

Atafedwa ndi pamene anatenga ntchito yosamala tchalitchi. Palibe anawatuma. Ankasesa, kukuntha makapeti, kupala phula la makandulo, kuthamangitsa akadzidzi m'nsanja. Makoma onse ankawapukuta ndi kansalu kouma kupatula limodzi. Choikapo makandulo cha m'chipinda chathu anachisunthira pang'onopang'ono mpaka chinafika pansi pa Gafia, kuti mwaye uzikwera pamenepo. Kenako anawomba nsalu yokongola yamaluwa ofiira, yonga zimene timakoloweka pazithunzi za oyera, n'kuipachika kuti mphonje zake zigwere padzinapo. Ansembe atsopano atabwera anawayamikira m'ulaliki chifukwa cha khama lawo. Ife akazi tinangoyang'ana pansi.

Ndipo zinathandiza, musaone. Mwaye unawonjezera pa wa mibadwo yakale n'kukuta makoma onse awiri, moto ndi Paradaiso yemwe, mpaka zonse zinangokhala mithunzi. Anthu anayamba kugulitsa ng'ombe, achinyamata kupita kunja, dzina la Akumoto n'kuyamba kuiwalika. Anatsala nalo ndi lele Nastaca okha, mkazi wa pakamwa posatseka, amene malo ake m'tchalitchi anali kukhoma la kumanja, pansi pa olungama. Ankakonda kuloza mthunzi wina pamenepo n'kunena kuti awo ndi agogo awo, akuti zimadziwika ndi kaimidwe. Ine ndi iwowo sitinkamwerana madzi. Ndinawauzapo tsiku lina pachigayo kuti ng'ombe yawo yauma chifukwa amaidyetsa miseche m'malo mwa udzu, ndipo sitinapatsane moni mpaka Khirisimasi.

Chaka china chisanu chitasungunuka, Gavrila anabwera kunyumba nkhope ili gwa. Anati wabaya phazi la tchalitchi la kumanzere ndi mpeni, mpeni n'kulowa ngati mu tchizi. Denga nalo linali litatha, timatabwa take tikugwa mphepo ikawomba. Ansembe analemba makalata awo, anthu a mumzinda anabwera kudzayeza, ndipo anagwirizana kuti Gavrila ndi anzake asasule denga, anyamule tchalitchi n'kulowetsa mapazi atsopano. Koma asananyamule, panayenera kubwera katswiri wa zithunzi kudzalimbitsa utoto kuti usagwe, ndi kutsuka mwaye wonse.

Mawu akuti kutsuka atamveka m'tchalitchi, ndinayang'ana lele Dochia. Anali ataima pamalo pawo, mpango wawo wakuda utaphimba nkhope ya Gafia.

Madzulo ake ndinawapeza atakhala pakhonde, chowombera nsalu chili chete m'nyumba. Ndinayamba zanga zija, kuti zakale zimenezo, ndani masiku ano angakhulupirire zoti munthu angakame ng'ombe ya mnzake ali m'nyumba mwake. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa.

"Irinca, iwe ukuganiza kuti ndimaopa Nastaca?" anatero. "Ndimaopa kuti mwina n'zoona. Ndili mtsikana ndinayamikira ng'ombe ya kwa amalume ako, ndinangoti koma ndiye yakongola. Sabata isanathe inauma. Wojambula uja sakananamizira munthu m'nyumba ya Mulungu. Anaona chinachake, ndipo chinachakecho chili mwa ine."

Zaka zonsezo ndinkayesa amabisala anthu, osadziwa kuti amabisa maso awo kuti asapweteke ng'ombe zathu, ndi yanga yomwe. Ndinamva chisoni, ndinapsanso mtima, koma wopsera mtima panalibe, poti wojambulayo anaola kalekale.

Katswiri uja anafika mapulamu akuyamba kuchita maluwa. Anali mtsikana wa kumzinda wa Cluj, dzina lake Otilia, wowonda, wovala buluku, wosuta fodya kuseri kwa manda poganiza kuti sitikumuona. Ntchito yake inali ya timitengo tokulunga thonje kunsonga. Ankanyowetsa, n'kupukuta kamalo kochepa ngati chikhadabo, n'kutaya thonjelo lili bii. Ndinati ameneyu adzamaliza ife tonse tili m'manda. Koma anali wodekha, ndipo anayambira kwa amuna. Lele Dochia ankamupititsira mkate ndi nyama ya nkhumba tsiku lililonse, akuyang'ana mmene kuyera kukuyandikirira chipinda chathu.

Atatsala pang'ono kufika pa Gafia, lele Dochia anamupempha. Ndinali pomwepo ndikusesa thonje. Anamuuza kuti mwanangu, kagawo aka kokha ukasiye mmene kalili, palibe adzadziwe, ndidzakuwombera bulangete la ukwati wako. Otilia anafunsa chifukwa, ine n'kumufotokozera mwachidule. Mtsikanayo anati azakhali, kusiya sindingathe, chifukwa pansi pa mwayewo utoto ukufundukuka, ndipo akanyamula nyumbayi udzagwa wonse. Lele Dochia anati ugwe. Otilia anapukusa mutu, maso ali pansi. Sanali wouma mtima, koma ntchito inali yake.

Tsiku lofika pa Gafia, nkhani inali itawanda kale. Akazi amene sankaponda pachitundapo pakati pa sabata anakumbukira mwadzidzidzi kuti manda a abale awo akufunika kupalira. Lele Nastaca anabwera ndi kakhasu koma udzu sanaukhudze, anangokhazikika pakhomo. Lele Dochia anachotsa okha nsalu yawo yamaluwa, kuipinda bwinobwino, n'kutuluka kukakhala pabenchi pafupi ndi manda a Vasalie, msana kutchalitchi. Denga linali litasasulidwa kale mbali ina, ndiye dzuwa linkalowa m'chipinda chathu kwa nthawi yoyamba chimangire.

Dzina linatuluka loyamba, zilembo zoyera mbee. Kenako mpango woyera, chipumi, maso aakulu, ndi kumwetulira kuja. Lele Nastaca anati ee, ndi yemweyo, mphuno yake ndi ya kwa Akumoto. Ndinatsala pang'ono kuwaponyera tsache. Koma Otilia anali atasiya kupukuta nkhope, akupukuta m'mbali mwa mutu. Anapukuta, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupukutanso. Kumbuyo kwa mutuwo sikunatuluke kufiira kwa moto. Kunatuluka masamba obiriwira ndi kambalame.

Anatsikira pakhosi, pamene pali kansalu komata mpata wa zipika. Kansaluko kanali kosiyana ndi tina, kokhakhala, kopakidwa utoto wakuda mwachisawawa. Anakatukula pang'ono ndi kampeni. Khosi la mutu linali apa, khosi la thupi cha uko, zosiyana ndi zala ziwiri kapena zitatu. Anasunthira kwa wachigayo, chimodzimodzi: thupi la mwamuna wamimba, mutu wa nkhalamba yofatsa, masamba kumbuyo.

"Bade Gavrila, tabwerani," anaitana, poti bade ndi mmene timaitanira mwamuna wamkulu kuno. "Mitu iyi si ya matupi awa."

Mwamuna wanga anatsika pamakwerero, anayang'ana, n'kutuluka panja. Ndinamutsatira. Anazungulira kukhoma la kumanzere kunja, n'kuyamba kusisita zipika ndi chikhatho cha kungodya. Apa ndiyenera kunena za kusamuka kwa tchalitchi, nkhani imene mwana aliyense wa m'mudzi muno amaidziwa. Gafia atamwalira kale, mtsinje unasefukira n'kukokolola manda a kumunsi. Makolo anaphwasula tchalitchi chipika ndi chipika, n'kudikira chisanu kuti akokere zipikazo pachitunda ndi ng'ombe pazileyi. Asanaphwasule anatema mphini ndi nkhwangwa pachipika chilichonse kuti adziwe malo ake: khoma la kumanzere mphini zoongoka, la kumanja zopingasa. Gavrila anatsika ndi chala kuchokera pamwamba. Zoongoka, zoongoka, zoongoka, kenako zopingasa, kenako zoongokanso. Anathamangira kukhoma linalo. Pamzere womwewo, pakati pa zopingasa, panali chipika cha mphini zoongoka.

Zipika ziwirizo n'zofanana utali, mano ake ofanana, mzere umodzi. Pomanganso anazisinthanitsa. Mitu ya olungama inapita kumoto pamodzi ndi dzina la Gafia, mitu ya ochimwa n'kukalowa m'Paradaiso.

Gavrila anavula chipewa n'kukanda mutu. Anati wadutsa pamenepo moyo wake wonse, wapakapo ndi phula, koma sanayang'anepo. Ndinamuuza kuti ndi zomwezo, mwamuna amadziwa msomali umene mulibe koma chipika chonse chili pamphuno pake osachiona.

Mwina mungafunse kuti nanga omangawo sanaone? Anaona, ine ndikulumbira. Ndimawadziwa amuna a kuno, ndakhala ndi mmodzi mpaka imvi. Ntchito ya mudzi imayenda ndi horinka, kachasu wathu wa mapulamu, ndipo kozizira botolo limazungulira kawirikawiri. Ndikuwaona atamaliza denga ndi nsanja, akulowa m'kati, akuona zimene achita, n'kuyamba kuseka. Kuti akonze ankayenera kusasulanso zonse. Wina anati tidzakonza chaka chamawa, wina n'kumata tinsalu m'makosimo kuti akazi asalongolole. Chaka chamawa chinabwera ndi njala yake, china ndi nkhondo yake. Odziwa anafa mmodzimmodzi, khoma n'kutsala likulankhula lokha.

Titabwerera m'kati tinapeza Otilia atasamukira kukhoma la kumanja, akupukuta ndi changu chimene sindinamuonepo nacho. Matupi anali a mikanjo yoyera, manja opembedza. Mitu inatuluka yokwinya nkhope, moto uli lawilawi kumbuyo. Kale tinkati olungamawo nkhope zawo n'zachisoni chifukwa anavutika padziko. Atafika pa mthunzi uja wa lele Nastaca, panatuluka mutu wa mkazi wotong'ola maso, lilime lili panja, mbedza italikola.

Mulungu andikhululukire, mwayi wotere subwera kawiri. Ndinati lele Nastaca, bwerani mudzaone agogo anu, zikudziwikadi ndi kaimidwe. Akazi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Iwo anatola kakhasu kawo n'kutsetsereka chitunda osatsanzika.

Ndinapita kukawatenga lele Dochia pabenchi paja. Anamva kusekako ndipo anayesa akuseka iwo, ndiye anali atagwira nsalu yawo yopinda ija mwamphamvu, nkhope ili yuma. Ndinayesa kufotokoza koma mawu ankapiringizana, zipika, mphini, masamba, kambalame. Ndinangowagwira dzanja n'kuwakoka. Gavrila anawaonetsa mphini kunja, anawagwiritsa ndi chala chawo. Otilia anawaonetsa makosi awiri aja. Kenako anawatengera kukhoma la kumanja, kumapeto kwa mzere wa olungama, pamene panali thupi la mkazi lovala zoyera. M'manja mwake munali mpukutu wa nsalu. Otilia anati ojambula akale ankakonda kuika pamenepo munthu amene wapereka zambiri pantchito, n'kulemba dzina lake kuti asaiwalike, ndipo poyeza ndi chingwe kuchokera kungodya, mutu wa Gafia ukugwera ndendende pathupi limeneli.

Lele Dochia anayang'ana mpukutuwo nthawi yaitali. Anatambasula manja awo n'kuwayang'ananso.

"Ndiye kuti ankawomba nsalu," anatero.

Anangonena zimenezo basi. Tinawakhazika pabokosi la zida za Gavrila, ndipo analira mwakachetechete ngati mwana amene wapezeka atasochera tsiku lonse. Nanenso ndinalira, Otilia anatuluka kukasuta poyera osabisalanso.

Panali kukambirana ndithu pa zoti zipikazo zibwezedwe kapena ayi. Ena a mumzinda ankati cholakwacho nachonso ndi mbiri, chisiyidwe. Otilia anawalembera kuti chithunzi chiyenera kukhala mmene mwini wake anachijambulira, ansembe nawo anati sangapitirize kupempherera pansi pa Chiweruzo chokhota. Gavrila anati denga lili pansi kale, ngati sitikonza lero ndiye tikhala ngati makolo athu aja a chaka chamawa. Chilolezo chinabwera udzu ukumwetedwa.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye tsikulo amuna onse otsala m'mudzi anakwera chitunda, ndi ena amene anabwera kutchuthi kuchokera kunja. Analowetsa mapazi atsopano a thundu kaye. Kenako anakweza zipika za pamwamba ndi majeke pang'onopang'ono, nyumba yonse ikulira ngati ngolo yakale, mpaka mano a m'ngodya atamasuka. Anasolola zipika ziwiri zija, Otilia atazikulunga nsalu ngati makanda, n'kuzungulira nazo tchalitchi. Zinakumana kukhomo, china chikuchoka kumoto, china chikupita. Horinka ndinaisunga ine m'dengu, ndipo ndinalengeza kuti palibe alawe mpaka nditaona ndi maso anga kuti mutu uliwonse uli pakhosi pake. Anadandaula koma anamvera.

Chipika cha Gafia chitakhala pamalo pake, mano analowa popanda kumenya n'komwe. Masamba a pamwamba anakumana ndi nthambi za pansi, kambalame kanapeza mtengo wake. Kumwetulira kuja, kumene kunazunza akazi a nyumba imodzi mibadwo yonseyo, kunangokhala kumwetulira kwa munthu amene wafika kwawo. Wakuba mkaka uja naye analandira mutu wake, wopanda dzina, wa tsitsi losokonekera, wosafanana ndi aliyense wa m'mudzi muno. Mtima wanga unakhala pansi.

Lamlungu lodalitsanso tchalitchi, lele Dochia anavutika kusankha poima. Pamalo pa mayi awo panalibenso chobisa. Anaima pakati kanthawi, kenako anawolokera kumanja n'kukaima pafupi ndi lele Nastaca, amene anawasunthira. Nsalu yamaluwa ija anampatsa Otilia. Mwana wawo anamuimbira foni ku Italy, akuti anamuuza kuti ukabwera udzabwere ndi mdzukulu wanga wamkazi, ndili ndi munthu woti ndimuonetse.

Ine ndinayesa nkhani yatha. Koma patapita masiku, m'mawa ndikukama, ndinaona mthunzi pakhomo la khola. Anali iwo, ataima kunja kwa chiundo, manja atapinda m'chifuwa. Zaka zonse zimene tinakhala moyandikana anali asanafikepo pamenepo. Joiana, ng'ombe yanga, inatembenuza mutu n'kuwayang'ana ikubzikula.

"Irinca, ndingaigwire?"

Ndinati lowani, lele, koma samalani ndowe. Analowa chammbali ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Anaika chikhatho pakhosi pa ng'ombeyo, n'kuchichotsa msanga, n'kuchibwezanso. Anati ii, kodi zimakhala zofunda chonchi? Kenako anaiyang'ana bwinobwino kuyambira kunyanga mpaka kumchira, n'kunena mokweza kuti koma ndiye yakongola. Atatero anatuluka mofulumira osayang'ana m'mbuyo.

Tsiku lonse sindinawaone. M'mawa mwake ndinawapeza ali kale pampanda, maso ali ofiira, zikuoneka kuti tulo sanatione. Sanandipatse ndi moni yemwe. Ndinalowa m'khola, ndinakama monga mwa masiku onse, ndikumva kupuma kwawo kuseri kwa matabwa. Nditamaliza ndinatuluka ndi ndowa n'kuikweza pampanda kuti aone okha. Inali yodzaza mpaka thovu kusefukira m'mbali.

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja, mpaka sabata inatha, chifukwa ya amalume anga ija inauma sabata isanathe. Tsiku lomaliza anabwera ndi kapu m'thumba la epuloni. Ndinawatungira wofunda, wongokama kumene. Anamwa pang'onopang'ono, maso atatseka, mkaka ukutsalira pamlomo wapamwamba. Atamaliza anayang'ana m'kapumo, n'kundipatsanso.

"Thiranso," anatero. "Ndachedwa nawo."